Kiyi wa Shedi ya ku Biwi

Mayfair, Joni
20 Malichi 2022

Okondedwa Amake Vitu,

Moni m'dzina la Ambuye. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana athu, Tamara ndi Vitu. Ine ndinafika Lachitatu, wamoyo, kungoti miyendo inatupa ndi masiku awiri okhala m'basi.

Musaseke kuti bambo wa zaka makumi asanu akulemba kalata ngati mnyamata wofunsira mbeta. Foni ija inapita tsiku lomwelo. Ndikutsika basi, mnyamata wina anandigunda paphewa n'kupepesa mwaulemu wake, mpaka ine kumuyankha kuti palibe kanthu mwana wanga. Ndimati ndikuimbireni kuti ndafika, m'thumba muli mpango wokha. Basi, Joni wandipatsa moni. Makalata azibwera ndi Che Abdullah, a ku Mangochi, amene amanyamula katundu wa anthu pa lole kuchoka kuno kukatula ku Lilongwe. Akafika muziwaphikira tiyi, ndipo yankho lanu muziwapatsa iwo omwewo.

Nkhani yoseketsa ndi iyi. Ndinatseka ntchito yanga yowotcherera zitsulo ku Biwi chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, eti? Kunonso amazima! Kusiyana kwake n'kwakuti kuno amakuuziratu nthawi, ndiye umakhala mumdima ukudziwa. Koma nyumba, Amake Vitu, nyumba! Ndinayang'ana imodzi mpaka chipewa kugwa. Ndipo paliponse mageti, mipanda yachitsulo, zitsulo za m'mawindo. Anthu a kuno amaopana kwambiri, ndiye mmisiri ngati ine sangagone ndi njala.

Tsopano mumvetsetse za shedi. Kiyi musavutike kumufuna pansi pa matiresi, ndili naye kuno, ndamumangirira pa chingwe m'khosi. Makina owotcherera aja ndinawagula ndi thukuta la zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndi a Vitu akadzamaliza sukulu. Wina aliyense akabwera kuti tibwerekeni, kaya ndi a Phillip a shedi yoyandikana nayo, kaya ndi mkulu wa mpingo, yankho n'lakuti eni ake anapita ndi kiyi. Makamaka Tamara. Mwana ameneyu ndimamudziwa, maso ake ali pa makina aja kuyambira ali wamng'ono. Mumuuze kuti mawu anga sanasinthe, mwana wamkazi sagwira moto wowotcherera. Ndikadzamva kuti walowa mu shedi muja, adzafune kwina kokhala. Sitifiketi ya Fomu 4 ali nayo, afune ntchito ya anthu aakazi.

Vitu asamangokhalira mpira. Denga la kukhitchini likudontha pakona, muikepo kaye pulasitiki, ndidzakonza ndekha.

Ine mwamuna wanu,
Medson, Bambo a Vitu


Joni
15 Meyi 2022

Okondedwa Amake Vitu,

Ndalandira kalata yanu, ndipo ndakondwa kumva kuti chimfine chija chinakusiyani. Ine ndili bwino. Kuzizira kwayamba, kuzizira kopanda ndi manyazi omwe, koposa kwa kwathu ku Khondowe.

Ntchito ndinaipeza. Ili kumpoto kwa mzinda, kunyumba ya bwana wina wolemera. Mwafunsa kuti kodi ndi ya zitsulo. Zitsulo zilipo, geti lake lokha lingatseke msewu wa ku Biwi wonse. Zina ndidzakuuzani pamaso. Ndimagona pantchito pomwepo, ndiye lendi sindilipira. Agalu a kuno amadya bwino, Amake Vitu, ali ndi dokotala wawowawo.

Che Abdullah akupatsani marandi chikwi chimodzi, mabulangete awiri ndi mafuta ophikira. Mugule chimanga panopa anthu akukolola, chisanakwere mtengo, ndipo muthire mankhwala, musadyetse anankafumbwe. Bulangete lofiiralo ndi lanu, linalo la Vitu. Tamara ndidzamuganizira ulendo wina.

Za Tamara zomwezo. Mwati mayi wina wa ku Area 23 akutumiza atsikana ku Omani kukagwira ntchito za m'nyumba, ndipo Tamara akufuna kulembetsa. Mwati inu mtima wanu sukulola. Ine ndikuti apite. Kuchapa, kuphika, kusesa, si ndiye ntchito zimene ndakhala ndikumuuza? Ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, kukwatiwa akukana, pakhomo akungozungulira ndi nkhope yolemera ngati tinamulanda munda. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere. Ayambe za pasipoti, ndidzathandizapo.

Mwalembanso kuti a Phillip akuti makina akakhalitsa osagwira ntchito amachita dzimbiri. Muwauze kuti dzimbirilo ndi langa.

Kutchalitchi sindinapiteko chifikireni, Lamulungu ndimagwira ntchito. Izi musawauze azimayi anzanu. Muzindipempherera.

Ine mwamuna wanu,
Medson, Bambo a Vitu


Mayfair
21 Ogasiti 2022

Okondedwa Amake Vitu,

Ndili moyo. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndikudziwa kuti miyezi itatu yopanda kalata, yopanda ndi tambala yomwe, mwaganiza zambiri. Inu muli bwanji? Nanga ana?

Lero ndilemba zoona. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ntchito ija sinali ya zitsulo. Ndinali wothirira maluwa, wotsuka galimoto, wosambitsa agalu ndi kuwola zonyansa zawo. Wantchito wamkazi atachoka, anandionjezera kuchapa ndi kukolopa. Ine Medson Chavula, amene ku Biwi anthu amati amisiri, ndagwada ndi chikolopa m'chimbudzi cha munthu, mwana wake wa zaka khumi akundiitana ndi likhweru. Ndakhala ndikukuonani mukugwira ntchito zimenezi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndinkati n'zopepuka. Msana wanga wandiuza zina.

Koma chachikulu ndi ichi. Tsiku loyamba bwana anatenga pasipoti yanga, ati aisunge pabwino. Ndinamuthokoza, mbuli ine! Kuyambira pamenepo geti lija linasanduka la ndende. Kutuluka sindikanatha, chifukwa kunja kuli apolisi, kulinso magulu ena amene akuyenda kufunsa alendo mapepala. Za amenewo ndisalembe. Malipiro a Juni sanabwere, a Julaye chimodzimodzi. Ukafunsa akuti pita kumene ukufuna, pomwe pasipoti ili m'kabati mwake. Chibayo chitandigwira m'kachipinda ka pafupi ndi agalu, anandiuza kuti ndichoke ndisamufere pakhomo. Pasipoti ati yasowa.

Anandipulumutsa ndi Che Abdullah. Anabwera kawiri ndi kalata yanu, kawiri konse n'kubwezedwa pageti. Kachitatu anandipeza nditakhala kunja kwa mpanda ndi chikwama changa, ndikunjenjemera. Ananditengera kuno ku Mayfair, m'chipinda cha amuna anayi a kumzikiti kwawo, amene anandimwetsa phala ngati khanda mpaka ndinaima. Kenako onse asanu anapita kukaima pageti la bwana uja. Sanatukwane, sanagende, anangoima, mmawa mpaka madzulo. Tsiku lachitatu pasipoti inaponyedwa pamwamba pa mpanda. Mukukumbukira zimene ndinkanena za Asilamu ndikakhala pakhonde? Mulungu andikhululukire pakamwa panga.

Tsopano mverani bwino. Tamara asapite ku Omani. Ndabweza mawu anga. Mwalemba kuti pasipoti yake yatuluka, ndipo mayi uja wati gulu lawo linyamuka pa 25 Novembala, koma mapasipoti onse azisunga ndi iyeyo mpaka akafike. Nditawerenga pamenepo ndinakumbukira kabati ya bwana uja. Ine ndine mwamuna, Chizungu ndimachimva, Amalawi anzanga ali pafupi, koma ndinatsala pang'ono kufera kuseri kwa geti. Nanga mwana wamkazi, kutsidya kwa nyanja, ndani adzamuimire pageti masiku atatu? Pasipoti yake isachoke m'nyumba mwathu.

Mwati ndisadandaule za chakudya, Mulungu akukudyetsani. Sindikumvetsa kuti mukudya chiyani miyezi yonseyi, koma ndikuthokoza.

Ine mwamuna wanu,
Medson, Bambo a Vitu


Mayfair
25 Sepitembala 2022

Okondedwa Amake Vitu,

Moni nonse. Chifuwa chapola, ndanenepako pang'ono, ndipo ndagula kafoni kamabatani. Ndinu mboni kuti ndaimba kanayi kufuna kulankhula ndi Tamara, kanayi konse akuti ali kubafa. Kodi mwana ameneyu wasanduka nsomba? Ndiye ndabwerera ku kalata, pakuti pepala sangalidule ngati foni.

Yankho lake limene mwandilembera ndaliwerenga. Akuti, "Akufuna nditsale kuti ndizichita chiyani? Chimene manja anga amadziwa anachitsekera ndi loko, kiyi n'kupita naye ku Joni." Mwano! Ndinakwiya mpaka chakudya kundikanika. Mumuuze kuti ndimulipirira sukulu ya zosoka ku Mchesi, makina osokera ndimugulira kuno. Asiye makani, afufutitse dzina lake kwa mayi uja Novembala asanafike.

Nkhani yabwino ndi yakuti ndabwerera ku moto. Ndapeza ntchito pamalo opangira mageti ku Booysens, malipiro Lachisanu lililonse, pasipoti ili m'thumba mwanga. Che Abdullah akupatsani marandi mazana asanu ndi atatu, ndi nsapato za Tamara, nambala sikisi ngati phazi silinakule.

Koma imvani izi. Tsiku loyamba ndinapeza munthu atavala chigoba kumaso, akuwotcherera felemu ya geti. Ndinaima kumbuyo n'kuyang'ana mzere wake. Wosalala, wofanana, wopanda ndi bowo limodzi lomwe. Mumtima ndinati bambo uyu ndi katswiri. Atakweza chigoba, Amake Vitu, mzimayi! Ndiye mwini wake wa malowo, Sisi Thandie, Mzulu. Ali ndi amuna asanu ndi awiri pansi pake, ndi ana atatu kunyumba. Ana atatu! Ine amene ndinkalalikira kuti moto umenewu umaumitsa mkazi m'mimba. Anandipatsa zitsulo ziwiri kuti ndilumikize, n'kuzipana pa vaisi, n'kumenya ndi hamala. Zinathyoka. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndikuwotcherera, abale, zinathyoka! Anaseka n'kunena kuti ndimathamangitsa dzanja, kenako anandigwira mkono kundionetsa. Ndinameza malovu n'kuphunzira.

Pa nthawi ya tiyi anandifunsa chifukwa chake Amalawi anzanga amanditchula Bambo a Vitu. Ndinati kwathu munthu amatchulidwa ndi dzina la mwana wake woyamba. Ati, ndiye Vitu ndi woyamba? Ndinati ayi, woyamba ndi Tamara. Anaika kapu pansi, ati pepani, Tamarayo anamwalira? Inu mukudziwa kuti zaka zinayi anthu a ku Biwi ankatitchula Bambo a Tamara ndi Amake Tamara. Vitu atabadwa ndine ndinayendayenda kuuza anthu kuti asinthe, mpaka kutchalitchi komwe. Mwanayo anali ndi zaka zinayi, ankamva. Funso la mzimayi ameneyu landikhala m'mutu sabata yonse.

Za kiyi musandifunsenso pakadali pano.

Ine mwamuna wanu,
Medson


Mayfair
6 Novembala 2022

Okondedwa Elube mkazi wanga,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine m'thupi ndili bwino, koma mumtima ndakhala ndi mlandu, woweruza ine ndemwe, woimbidwa mlandu ine ndemwe.

Kuntchito ndimapita wapansi, ola lathunthu. Poyamba ndinkatero kuopa mtengo wa minibasi, tsopano ndimatero chifukwa ndi m'njira mmene ndimaganiza. Ku Biwi sindikanayenda mapazi khumi osamva "amisiri, amisiri", ndiye ndinkadziona wamkulu. Kuno palibe amene amandidziwa. Ndine mdala wina wake wa jekete yong'ambika, ndipo mdala ameneyu ndayamba kumuona bwinobwino. Sizonse zimene ndaona zandisangalatsa.

Kalata iyi ikulemera, mutsegule mosamala, muli kiyi. Ndamuchotsa m'khosi lero mmawa. Mumupatse Tamara m'manja mwake, osati kumusiyira patebulo, ndipo mumuwerengere mawu otsatirawa mokweza ngakhale atayang'ana kumbali.

Tamara, uli ndi zaka khumi ndi zisanu ndinapita kumaliro ku Tsabango n'kuiwala kutseka shedi. Pobwera ndinakupeza utavala magalasi anga akuda, ukulumikiza mwendo wa mpando wachitsulo wa amayi ako. Ndinakukalipira pamaso pa amisiri onse a mzere uja, ndinati waononga chitsulo, n'kukuthamangitsa. Unapita ukulira. Chimene sunaone ndi ichi. Utachoka ndinatenga hamala kuti ndithyole pamene unalumikiza, anzanga aone kuti ntchito ya mwana wamkazi ndi masewera. Ndinamenya kamodzi, kawiri, katatu. Kachinayi mwendo unathyoka, koma unathyokera pena. Pamene unawotcherera iwe panangoti gwa. A Phillip anaona, anangotsokomola n'kubwerera ku shedi yawo. Ine ndinataya mpandowo kuseri, mawa lake n'kugula loko wamkulu. Ndinachita mantha, mwana wanga, kuti anzanga aziti Chavula waposedwa ndi mwana wamkazi. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikudziwa kuti uli ndi dzanja, ndipo ndinabisa. Ndinalakwa. Undikhululukire.

Shedi ndi yako, makina ndi ako. Vitu ndalankhula naye pafoni, wandiuza mosapsatira kuti iye moto amauopa, akufuna za unamwino. Taonani, ndimasungira munthu chinthu chimene sakuchifuna n'komwe! Sindikukulamula kuti utsale, kulamula ndatopa nako. Ndikukupempha. Ukasankha kupita ndithu, pasipoti yako usampatse munthu, kaya akumwetulire bwanji.

Elube, Che Abdullah anyamuka mawa, ati akafika cha pa 12 Novembala ngati pachipata cha Dedza sipavuta. M'katoni muli mapaketi awiri a ndodo zowotcherera ndi chigoba chatsopano cha kumaso, anasankha ndi Sisi Thandie. Magalasi anga akale aja asawavale, amapweteka maso.

Ine mwamuna wanu,
Medson


Mayfair
23 Novembala 2022

Elube,

Moni. Kalata iyi sindikudziwa kuti ibwera ndi ndani, ndipo ikamafika zonse zidzakhala zitachitika kale. Ndikulemba chifukwa manja akusowa chochita.

Lole ya Che Abdullah inafera ku Tete. Masabata awiri akudikira chitsulo cha mu injini, kiyi ali m'thumba mwawo. Munandiuza pafoni kuti mwamuuza Tamara kuti kiyi ali m'njira, iye n'kuti adzakhulupirira akadzamugwira. Sindikumuimba mlandu, ine ndiye ndinamuphunzitsa kusandikhulupirira. Munatinso chikwama walongedza kale. Kuyambira dzulo foni yanu sikupezeka, ndikuti mwina ndi magetsi.

Kwatsala masiku awiri. Lero ndawotcherera mahinjesi a geti chadodolido, Sisi Thandie anandiyang'ana n'kundiuza kuti ndikakhale pansi. Kiyi ameneyu ndinayenda naye mayiko atatu pachabe. Ndikanamusiya pa msomali wa kuseri kwa chitseko, bwenzi zonsezi kulibe.

Ngati wapita, munditumizire nambala ya mayi uja ndi dzina la kumene akupita. Ndikamufuna.

Medson


Mayfair
11 Disembala 2022

Tamara mwana wanga,

Moni. Uli bwanji? Amayi ako ndi Vitu ali bwanji? Ine ndili bwino, bwino koposa tsiku lililonse chifikireni kuno. Iyi ndi kalata yanga yoyamba kwa iwe, ndiye ukaona zolakwika usaseke kwambiri.

Pa 25 paja sindinapite kuntchito. Cha m'ma 10 koloko mmawa foni inalira, amayi ako. Sanandipatse ndi moni womwe, anangoti, "Che Abdullah anafika dzulo madzulo. Mverani." Kenako ndinamva phokoso limene ndingalizindikire ngakhale nditagona m'bokosi, makina anga akulira, chitsulo chikuthetheka. Ndinafunsa kuti ndani ameneyo. Ati, "Mukufunsa ndani? Eni ake." Ndinakhala pansi pa simenti. Anzanga a m'chipinda ankati ndalandira uthenga wa maliro.

Dzana Che Abdullah anabwera ndi kaphukusi kako. Ndinatsegula n'kupeza loko wanga uja, wodulidwa pakati, ndi kakalata kako. Ndakawerenga kasanu. Ukuti, "Adada, loko ndinamudula mu Juni, ufa utatha m'nyumba inu muli zii. Ndakhala ndikupanga mbaula ndi mafelemu a mawindo, a Phillip ndiwo amandipatsira makasitomala. Koma ndimagwira ngati wakuba, galimoto ikaima panja mtima uli phaphapha kuti mwabwera. Ndimati ndipite ku Omani musanabwere kudzandithamangitsa nokha. Kiyi wanu satsegulanso kanthu, koma ndi amene ndimadikira."

Koma inu anthu! Ndiye miyezi isanu ine ndikugona ndi kiyi pachifuwa, kumusisita, kumubisa posamba kuti asabedwe, kumeneko shedi ili pululu? Ndipo amayi ako, mzimayi wa Mulungu, kundilembera ndi dzanja lawo kuti Mulungu akutidyetsa! Ndinaseka mpaka chifuwa chija kufuna kubwerera. Koma sananame. Anakudyetsanidi, anangodzera m'manja amene ine ndinawakana. Pamene ine ndinkasambitsa agalu a munthu, nyumba yanga inaimira pa iwe.

Tizitsulo tiwiri timene unalumikiza n'kuika m'phukusimo ndinamva tanthauzo lake. Ndinapita nato kuntchito, n'kumupatsa Sisi Thandie osanena kuti n'ta ndani. Anapana pa vaisi, anatenga hamala yomwe ija inandichititsa manyazi. Kasanu ndi kamodzi, Tamara, ndinawerenga. Chitsulo chinapindika, pamene unalumikiza osasuntha. Anandiyang'ana n'kuti, "Uyu ndi ndani?" Ndinati mwana wanga woyamba. Ati, "Ukamulephera unditumizire kuno." Ine ndinatsitsa chigoba kumaso, ngakhale panalibe chimene ndimawotcherera.

Komabe usadzimve. Pomaliza mzere ukuchotsa dzanja msanga, pakutsala kadzenje. Uzidikira pang'ono, udzaze, kenako uchotse. Ine ndaphunzira zimenezi chaka chino, ndili ndi imvi, ndiye iwe uli ndi mwayi. Magetsi akazima usamangokhala, uzidula ndi kuyeza zitsulo kuti akayaka ungoyamba. Chigoba uzivala nthawi zonse, ngakhale pa kantchito kakang'ono. Anzako amene anapita pa 25 paja tiziwapempherera, ndipo manambala a makolo awo uwasunge.

Ndikufuna kubwera pa Pasaka. Sisi Thandie akundiphunzitsa mageti otsetsereka, amene ku Lilongwe anthu a nyumba zatsopano ayamba kuwafuna, ndiye ndibwera ndi kanthu m'mutu, osati mabulangete okha. Ngati pa shedi pako pali malo a mdala mmodzi wothamangitsa dzanja, undiganizire. Denga la kukhitchini lija ndikudziwa kuti unakonza kale, usavutike kundibisira.

Chikwangwani cha pakhomo pa shedi chili ndi dzina langa ndi la Vitu, ufufute ulembe lako. Loko wodulidwayu ndisunga ine.

Chomaliza. Uwauze amayi ako kuti Lamulungu likudzali, akatuluka m'tchalitchi, ayambe kuuza anthu kuti dzina lathu lakale lija labwerera. Iwe uwauze a Phillip ndi amisiri onse a mzere uja. Ndine ndinayendayenda kusintha dzina, ndikabwera ndidzayendanso ndekha khomo ndi khomo, koma ayambiretu kuzolowera. Vitu ndamuuza kale, waseka, ati linkamulemera. Moni kwa Amake Tamara.

Ine bambo ako,
Medson Chavula, Bambo a Tamara